Lachitatu: Chiwalo Chimene Chinanyozedwa

Werengani 1 Akorinto 12:21-25. Kodi Paulo akuphunzitsa chiyani za ziwalo zooneka zofooka?

Kumunsi kwa mimba, mbali ya kumanja, kuli kathumba konga chala, kolendewera ku matumbo aakulu, kamene madokotala amakatcha appendix. M'chaka cha 1871 Charles Darwin anakayesa chotsalira chabe chopanda ntchito. N'zoona kuti kakatupa kamachotsedwa, munthu n'kukhalabe ndi moyo.

Koma kusadziwa ntchito ya chinthu si umboni wakuti Mlengi sanachipatse ntchito. M'matumbo mwathu muli tizilombo tabwino tothandiza kugaya chakudya. Matenda otsekula m'mimba, monga kolera ija inasautsa Mangochi ndi midzi ya m'mbali mwa nyanja mu 2022 ndi 2023, amakokolola tizilomboti. Mu 2007 ofufuza a ku Duke University, ku America, anapereka ganizo lakuti tina timabisala m'kathumbaka, monga mbewu ya chimanga yopachikidwa pamwamba pa moto, n'kudzachulukananso wodwalayo akachira. Kalinso ndi maselo oteteza thupi ku matenda.

Mumpingo mwanu, ndani amene dzina lake silitchulidwa konse posankha maudindo? Atajomba Sabata lino, kodi kalasi lanu lingazindikire?