Zovala za ana pa Eid: zimene katapila anandiphunzitsa



Kwathu ndine woyamba kubadwa, ndipo chimwalirireni bambo, ana atatu obwera pambuyo panga amayang'ana ine. Pa Eid ul-Fitr ya 2024 ndinachita chinthu chimene mpaka lero ndimachita nacho manyazi. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zitakwera paliponse, ngakhale kaunjika amene tinkathawirako. Kutatsala masiku anayi kuti mwezi uoneke, m'thumba munali mbee, koma ndinkafuna ana atchene ngati anzawo. Ndinapita kwa munthu wa katapila, n'kutenga K60,000 yoti ndidzabweze K90,000. Eya, riba, m'mwezi wa Ramadan, ndili pa swaumu. Astaghfirullah.

Zovala zinagulidwa, zithunzi zinadzadza pa WhatsApp. Sukulu zitatsegulidwa, mchemwali wanga wa Fomu 2 anakhala pakhomo sabata ziwiri chifukwa fizi yake inapita kwa wakatapila uja. Nsapato za wamng'ono zinam'thina miyezi itatu isanathe.

Nditadandaula kwa shehe wa pa mzikiti wathu, sanandikalipire. Anangondikumbutsa kuti ndime 31 ya Surah Al-A'raf, imene imatiuza kuvala bwino popita kukaswali, ndi yomweyonso imene imaletsa israf, kuononga. Anatchulanso ndime 67 ya Surah Al-Furqan, yoyamikira anthu oyenda pakati, osamwaza chuma komanso osaumira. Kenaka anandifunsa kuti ndinamva kuti zoti chovala cha Eid chiyenera kukhala chatsopano. Sunnah ndi kusamba ndi kuvala chabwino mwa zimene uli nazo. Kanzu yakale yochapa ndi kusita bwino yakwana. Ndinasowa poyankha.

Kuchokera pamenepo ndinasintha kagulidwe. Chachikulu ndi nthawi. Masiku khumi omaliza a Ramadan aliyense ali pamsika, ogulitsa amadziwa kuti tapanikizika, ndipo matelala amakhala atadzadza moti ena amakusokera mothamanga, dilesi n'kutuluka yopotoka. Panopa nsalu ndimagula mu Rajab kapena Shaban, telala n'kusoka mtima uli m'malo. Majuzi ndimagula mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, pamene palibe amene akuwafuna. Mu Juni mtengo wake umakhala wina.

Pa kaunjika pamafunika maso ndi kudekha. Belo likangotsegulidwa, zoyamba kusankhidwa zimadula. Mukabwera patapita masiku, kapena madzulo ogulitsa akulongedza, mtengo umatsika ndipo za ana zimakhalapobe. Chovala chitembenuzeni. Onani m'khwapa, pakolala, pamawondo ndi zipi. Zipi ndi mabatani telala akonza ndi ndalama yochepa, koma nsalu yopyapyala yoti yatha kale isiyeni, ngakhale akupatseni motchipa bwanji. Mukafika kunyumba chapani kaye mwana asanavale, makamaka ngati akaswali nacho.

Ana aang'ono amakula ngati chimanga cha m'dimba. Wa zaka 6 ndimam'gulira chokulirapo pang'ono, ndipo telala ndimamuuza kuti asiye mpindiro waukulu kumiyendo ndi kumanja, kuti chaka chamawa tidzangomasula. Yunifomu chimodzimodzi. Koma nsapato musakulitse kwambiri, mwana amapunthwa nazo ndipo zimatha msanga. Kanzu ya wapakati ikam'chepera imapita kwa wamng'ono, ndipo ife ndi ana a azakhali timasinthana thumba la zovala kawiri pachaka. Poyamba amayi ankaona ngati n'kudzionetsa umphawi. Pano ndi iwo amene amakumbutsa.

Povuta penipeni ndi pa achinyamata. Mwana wa zaka 6 ukam'patsa malaya oyera amasangalala basi. Wa zaka 15 waona kale pa TikTok abaya imene akufuna, ndi hijabu yogwirizana nayo, ndipo akudziwa zimene anzake akanene ku madrasa. Tisamaseke zimenezi, ifenso tinadutsamo, ndipo kunyozedwa pa msinkhu umenewo kumapweteka. Kum'kalipira kuti ndi wonyada sikunandithandize. Chimene chinathandiza n'kukhala naye pansi, kumuonetsa ndalama zonse zimene zilipo, fizi yake pambali, sopo ndi ufa pambali, kenaka kum'patsa yotsalayo m'manja kuti asankhe yekha. Analira kaye, ndisaname. Kenaka anazungulira msika wa Limbe tsiku lonse n'kubwera ndi abaya imodzi yakuda yolimba ndi mahijabu atatu a mitundu yosiyana. Akasintha hijabu, anthu amaona ngati wavala zatsopano. Nzeru imeneyo ine sindikanaiganiza. Ndipo poti anagula yekha, amaichapa yekha, kuitembenuza n'kuyanika pamthunzi kuti isasuluke.

Pali china chimene sindinachithe. Wapakati uja akufuna jezi ya mpira ya timu yake, ndipo wakhala akundikumbutsa chiyambire Muharram. Tagwirizana kuti azisunga kangachepe m'chitini kuchokera pa zimene amapeza akathandiza amalume kugulitsa tomato Loweruka, ine ndidzawonjezera theka. Dzulo anandionetsa chitinicho, chayamba kulemera. In sha Allah pofika Shaban tipita limodzi kumsika.