PHUNZIRO 7: AKULUAKULU AKATILOZERA MUNTHU PA CHISANKHO CHA CHIPULULA

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziro lino tidziwe kuyeza mau a anthu otchuka amene amatiuza woti timusankhe, makamaka pamene munthu watsopano akupikisana ndi phungu wakale m'chipani chimodzi.

Chisankho cha chipulula nchiyani?

Chisankho cha dziko lonse chisanafike, chipani chimayamba chapeza munthu mmodzi wochiimira m'dera lililonse. Ichi ndiye chisankho cha chipulula. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC silikhalapo. Chipani chimayendetsa chokha. Kawirikawiri ovota amakhala nthumwi za makomiti a chipani, ndipo m'malo ambiri amandanda kumbuyo kwa munthu amene amukonda, aliyense akuona.

M'dera limene chipani china nchamphamvu, wopambana pa chipulula amakhala ngati walowa kale m'Nyumba ya Malamulo. Tikumbukirenso kuti gawo 64 la malamulo aakulu a dziko lino, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanakwane, lidafafanizidwa mu 1995. Tikalakwitsa, tidikira zaka zisanu.

Kumene tachokera

Nthawi ya chipani chimodzi, maboma ankapereka maina, koma mau omaliza anali a Dr Kamuzu Banda. Pa 14 Juni 1993 Amalawi tidasankha ndale za zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 tidavotera aphungu 177. Komabe chizolowezi cholozerana munthu kuchokera kumwamba sichidathe.

Mu 2003 a Bakili Muluzi adaloza a Bingu wa Mutharika kuti adzaimire UDF pa mpando wa pulezidenti. Akuluakulu ena a chipanicho adachoka, ndipo mmodzi wa iwo anali a Aleke Banda, kwawo ku Tukombo konkuno. Mu 2004 iwo adapambana mpando wa kummwera kwa Nkhata Bay kudzera m'chipani cha PPM.

Pa mipando ya aphungu nkhani ndi yomweyo. Mu 2014 aphungu oima paokha adalipo 52 mwa mipando 193, ndipo mu 2019 adafika 55. Ambiri mwa iwo adayamba ayesa m'zipani zawo, nkutuluka akudandaula kuti chipulula sichidayende bwino. Apa tikuona kuti akuluakulu angathe kuloza, koma anthu akapanda kukhutira amakayankhira m'bokosi.

Munthu watsopano akabwera

Tiyerekeze kuti kuno ku Chintheche kwapezeka mayi wina, mphunzitsi wopuma ntchito, amene akufuna kupikisana ndi phungu wakale. Akunena za mankhwala m'zipatala, mitengo ya usipa kudoko, ndi atsikana osiyira sukulu panjira. Alibe galimoto, alibe nsalu zogawa. Chuma chake ndi anthu omuchitira umboni: wapampando wa komiti ya asodzi, gulu la amayi a banki ya m'mudzi, achinyamata.

Umboni wotere ngofunika. Phungu wakale ali ndi dzina, ndalama ndi makomiti amene adawazolowera. Popanda womunenera, munthu watsopano sangamveke, chonsecho akulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma akulu omwewo adatinso chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Utsopano pawokha si luso, monganso ukale pawokha si tchimo.

Mafunso atatu oyezera umboni

1. Kodi wonenayo akumudziwa bwanji munthuyo? Amene adagwira naye ntchito m'komiti ya sukulu, naona mmene amasungira ndalama, ali ndi chotiuza. Amene wangoti "ndi mwana wakwathu" sadatiuze kanthu.

2. Kodi wonenayo apindulapo chiyani? Mwina walonjezedwa injini ya boti, malata kapena ntchito ya mwana wake. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti. Umboni wogula ndi bodza lovala jekete.

3. Kodi akunena m'dzina la yani? Wapampando akati "asodzi tonse tili pambuyo pa uje," tifunse kuti msonkhano wogwirizana zimenezo udachitika liti, ndipo adafikapo ndani.

Tikatero timufunse mwini wakeyo maso ndi maso. Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuunika mmene boma likugwiritsira ntchito misonkho, ndi kutiyankhulira. Wolonjeza kugula mabokosi a maliro onse sadaimvetse ntchitoyo.

Nanga ifeyo akatipempha kuchitira umboni?

Ambiri mwa ife otsogolera maphunziro ano tili ndi maudindo m'mudzi kapena mumpingo, ndipo opikisana adzatipeza. Aliyense ali ndi ufulu wokonda munthu amene wamufuna. Koma udindo si wathu, ndi wa anthu amene adatipatsa. Mfumu ndi ya mudzi wonse, ndipo mtsogoleri wa mapemphero amaima pamaso pa anthu a zipani zonse. Tingathe kuphunzitsa makhalidwe a mtsogoleri wabwino, koma tisatchule dzina pa guwa kapena pa bwalo la milandu. Ndipo kuopseza munthu kuti alandidwa munda kapena achotsedwa m'kaundula wa thandizo chifukwa cha kumene waima pa mzere, kumeneko si kuchitira umboni ayi, ndi nkhanza.

Chipulula chikatha, wopambana ndi wogonja amabwerera ku doko lomwelo, ndipo ife timakumana pa maliro omwewo. Tinene zimene sitidzachita nazo manyazi mawa.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Pa chipulula chapitachi m'dera lathu, adavota ndani? Adawasankha ndani anthuwo?
2. Tchulani anthu a maudindo amene mau awo amamveka kwambiri kuno. Chifukwa chiyani timawamvera?
3. Kodi kundanda kumbuyo kwa munthu kumateteza wovota? Tingapemphe chiyani kwa zipani zathu?

Zoti tichite

Gulu lililonse lilembe mafunso asanu oti lidzafunse onse opikisana, wakale ndi watsopano yemwe. Tidzawawerenga pa msonkhano wotsatira.