Kupeza bwino si kuchira: tisasiye mankhwala panjira



Lero ndikufuna tikambirane za schizophrenia, matenda a mu ubongo omwe amachititsa munthu kumva mawu amene ena sakuwamva, kukhulupirira kuti anthu akumulondalonda, kapena kulankhula zosagwirizana. Mu 2022, bungwe la WHO linati amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse, ndipo amakonda kuyamba pa msinkhu wathu womwewu, cha m'zaka za m'ma 20.

Mankhwala alipo: chlorpromazine, haloperidol, risperidone ndi ena. Amachepetsa mphamvu ya dopamine mu ubongo, mawu aja n'kuyamba kuzilala. Koma sazula matendawo, amangowagwira, ngati mmene amachitira mankhwala a shuga kapena a BP. Apa ndiye pamene ambiri amagwera. Munthu akapeza bwino amati basi ndachira, n'kusiya. Pakapita masabata kapena miyezi, matenda aja amabwerera, sukulu kapena ntchito n'kuimanso.

Ena amasiya chifukwa mankhwala akuwaumitsa thupi, kuwanjenjemeretsa manja, kuwagonetsa kwambiri kapena kuwanenepetsa. Izi n'zoona, tisamawanene kuti ndi ulesi. Njira yake ndi kubwerera kwa dokotala, osati kutaya mapiritsi. Atha kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu, kapena kupereka jakisoni wa fluphenazine yemwe amagwira ntchito kwa masabata angapo. Enanso matenda omwewo amawachititsa kusazindikira kuti akudwala, ndiye kukalipa sikuthandiza.

Koma nthawi zina wowasiyitsa timakhala ife. Timati "amenewa ndi majini, zachipatala sizingathandize." Ku madrasa tinaphunzira za munthu uja amene Mtumiki (SAW) anamuuza kuti amange kaye ngamila yake kenako ayadzamire kwa Allah. Tawakkul ndiye imeneyo. Duwa ndi ruqya zipitirire, piritsi nalo limwedwe. Sizilimbana ayi.

Nanga Ramadan? Surat Al-Baqarah inapereka chilolezo kwa wodwala kuti adzabweze masiku. Wofuna kusala akaonane ndi dokotala mwezi usanaoneke, afunse ngati mankhwala ake angamwedwe pofutulu kapena pa dakwi. Asasinthe yekha.

Ngati kwanu kuli wodwala, mukumbutseni mwaulemu nthawi yomwera, muperekezeni tsiku lokatenga mankhwala asanathe, ndipo mutetezeni ku chamba chifukwa chimadzutsa matendawa. Akayamba kusowa tulo kapena kudzitsekera m'chipinda, musadikire, pitani naye ku chipatala cha boma. Zikavuta kulinso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu.

Ndipo dzina loti "wamisala" tilisiye. Ndi m'bale wathu, malo ake pa safu mu mzikiti akadalipo.

Allah achize odwala athu, awapatsenso sabr amene akuwasamalira. Ameen.