Swiswiri Akalowa M'nyumba, Musathamangire Mankhwala a Makoswe

Usiku nyale zikazima, m'makhitchini ambiri mumamveka kulira kwakuthwa, tswii tswii, kukuyenda m'mphepete mwa khoma. Kukacha, mbale ndi madengu zimakhala zikutulutsa fungo lonyansa losamva sopo, ndipo kuseri kwa mtsuko kuli timatuvi takuda. Eni nyumba sachedwa kugamula kuti alowedwa ndi makoswe. Tsiku la msika likafika amagula mankhwala okulungidwa m'kapulasitiki, nkuthira pa mkute wa nsima. Koma kanyama kolira ndi konunkha chotero kawirikawiri si khoswe ayi. Ndi swiswiri, ndipo nsima ya poizoniyo amangoilambalala, kuisiyira nkhuku, galu kapena mwana wokwawa.

Osaka mbewa amamudziwa bwino. Akamupeza mu msampha amamutaya, poti fungo lake silimulola kulowa pa mpani. Ngakhale kumudzi amamuwerengera m'gulu la mbewa, akatswiri a zinyama amati iye ndi mbewa palibe ubale wapafupi. Kusiyana kwake kumaoneka ndi maso: mlomo wautali wosongoka umene sukhazikika, timaso tating'onoting'ono, ubweya wosalala waufupi, ndi mchira wokhala ndi tsitsi lalitali la apo ndi apo. Chachikulu chili mkamwa. Khoswe ali ndi mano akutsogolo amene amakula moyo wake wonse, nchifukwa chake amangokhalira kuteketa matumba, zitseko, sopo ndi mawaya. Mano a swiswiri ndi timinga tosongoka tobayira tizilombo, ndipo akaperepeseka samameranso. Thumba la chimanga likapezeka lobooledwa, mlandu umenewo si wake.

Padziko lonse pali mitundu ya swiswiri yoposa 350, ndipo yambiri ya mu Africa ili m'gulu lotchedwa Crocidura. Ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amene amapezeka kwambiri m'udzu ndi m'madimba ndi wofiirira wamng'ono, Crocidura hirta. Wolowa m'nyumba kawirikawiri amakhala wamkulu, Crocidura olivieri, amene thupi lake limapitirira masentimita 10 osawerengera mchira. Sakhwi, wa miyendo italiitali ndi kachitamba, ndi nyama inanso yosiyana nawo.

Njala yosatha

Moyo wa swiswiri ndi liwiro lokhalokha. Mwa mitundu ing'onoing'ono kwambiri, mtima umagunda koposa ka 1,000 pa mphindi imodzi, pamene wa munthu wamkulu wopumula umagunda pakati pa 60 ndi 100. Thupi lotere limatha chakudya ngati moto wa mapesi. Ang'onoang'onowo amadya chakudya cholemera pafupifupi ngati thupi lawo tsiku lililonse, ndipo akasowa chodya kwa maola owerengeka amafa. Akuluakulu amati swiswiri sadumpha njira, akadumpha amafa. Chimene chimachititsa kuti mitembo yake izipezeka panjira nchakuti mphaka ndi galu amamugwira, koma akamva fungo lochokera m'nthiti mwake amamusiya pomwepo osamudya. Ena amangogwa ndi njala kapena kuzizira.

Nanga amadya chiyani? Mphemvu, nkhululu, ziwala, chiswe, akangaude, nkhono, nyongolotsi, mbozi ndi mphutsi zokhala m'nthaka. Mlimi wa kudimba amene mbande zake za tomato ndi kabichi zimadulidwa usiku ndi mphutsi ali ndi mlonda amene salipidwa, ndipo nzachisoni kuti mlonda ameneyu amaphedwa ndi khasu chifukwa cha zolakwa za ena. Mbatata ndi chinangwa zodyedwa pansi pa nthaka ndi ntchito ya mfuko. Mbewu ya chimanga yofukulidwa pa phando itangobzalidwa ndi ntchito ya kapuku ndi anzake. Kapuku ameneyu ndiye mdani weniweni: wamkazi amatenga bere masiku pafupifupi 23 ndipo kuswa ana khumi nthawi imodzi si chachilendo kwa iye. Swiswiri amaswa atatu, anayi, mwina asanu. Chisa chikasokonezedwa, mayi amawasamutsa atandandana, woyamba ataluma ubweya wa kumbuyo kwa amake, wachiwiri ataluma woyamba, mpaka wotsiriza. Amene adaonapo mdipiti umenewu saiwala.

Choncho kudimba ndi kumunda palibe chifukwa chomuphera. Nkhani imasintha akalowa mnyumba.

Vuto lili pa mkodzo, matuvi ndi utitiri

Swiswiri sanyamula chimanga, koma amayenda paliponse: kudzala, kuchimbudzi, m'ngalande, kenako pa mbale ndi pa lichero la ufa. Kulikonse kumene wadutsa amasiya mkodzo, matuvi ndi fungo lija. Wamkulu uja sakananso usipa kapena nyama yosiyidwa pamtunda. Chakudya chimene wakhudza sichiyenera kudyedwa, ngakhale chioneke chabwino.

Matenda oyamba oyenera kuwaopa ndi leptospirosis. Tizilombo take timakhala mu impso za nyama monga makoswe, agalu, ng'ombe ndi nkhumba, nkumatuluka mu mkodzo, ndipo ofufuza a pa yunivesite ya Sokoine ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, adatipezanso mwa aswiswiri. Timalowa mwa munthu kudzera pa bala, m'maso kapena mkamwa, makamaka akamaponda madzi odikha nthawi ya dzinja. Zizindikiro zimayamba kawirikawiri pakati pa masiku 5 ndi 14: kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi makamaka m'akatumba a kuseri kwa miyendo, maso ofiira, ndipo matenda akakula maso amasanduka achikasu ndipo impso zimaonongeka. Kuopsa kwake nkwakuti amafanana ndi malungo. Munthu amene wayezedwa malungo osapezeka, koma thupi likutenthabe, auze dokotala ngati kunyumba kwake kuli makoswe kapena aswiswiri, kapena ngati wakhala akugwira ntchito m'madzi a m'dimba ndi m'munda wa mpunga. Mankhwala ake alipo ndipo amagwira bwino akayambidwa msanga.

Achiwiri ndi mliri wa makoswe, umene umafala ndi utitiri. Si nthano yakutali. Udabuka ku Nsanje mu 1997 ndi mu 2002, komanso ku Nyimba, kum'mawa kwa Zambia, mu 2015. Ku Madagascar mu 2017 udagwira anthu oposa 2,400 ndi kupha oposa 200 m'miyezi yochepa. Pachilumba chomwecho, mu mzinda wa Mahajanga, ofufuza adapeza kuti swiswiri wa m'nyumba wochokera ku Asia, Suncus murinus, amathandiza kusunga matendawa ndi utitiri wake. Kuno kwathu onyamula akuluakulu ndi khoswe ndi kapuku, koma phunziro la ku Mahajanga nloti kanyama kalikonse koyenda m'mauna a makoswe kakhoza kutola utitiri wawo.

Utitiri umathawa mtembo ukangozizira nkumafuna magazi atsopano. Ichi nchifukwa chake mwana sayenera kutola swiswiri kapena khoswe wakufa, ngakhale kumugwira mchira. Nchifukwa chakenso azaumoyo, pa nthawi ya mliri, amayamba apha utitiri asanaphe makoswe. Makoswe akayamba kufa okha ambirimbiri m'mudzi popanda wothira mankhwala, mlangizi wa zaumoyo adziwitsidwe tsiku lomwelo. Munthu akatentha thupi mwadzidzidzi, natupa mwanabere wowawa kwambiri mphechepeche, m'khwapa kapena m'khosi, apite kuchipatala osagona. Matendawa amaonekera pakati pa tsiku limodzi ndi masiku 7, ndipo amachizika wodwala akafika msanga.

Za kuluma, swiswiri saputa munthu, amaluma akapanikizidwa basi. Ku America ndi ku Ulaya kuli mitundu ya malovu aululu, koma choopsa pa bala la swiswiri wa kuno ndi dothi ndi tizilombo tolowapo. Balalo litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako wolumidwayo akaonedwe kuchipatala, komwe adzaonenso ngati akufunika katemera wa kafumbata.

Kumutulutsa ndi kutseka njira

Swiswiri salowa mnyumba kudzacheza. Walondola chakudya, ndipo chakudya chake chachikulu mnyumba ndi mphemvu. Banja limene likumva tswii tswii usiku uliwonse lidziwe zinthu ziwiri: mnyumbamo muli tizilombo tokwana kudyetsa nyama yanjala chotere, ndipo pali mpata umene khoswe nayenso angalowerepo. Kupha mmodzi sikutseka mpatawo. Akhoza kubweranso wina.

Ntchito iyambire panja. Udzu wozungulira nyumba ulambulidwe. Mulu wa nkhuni, njerwa, mapesi ndi zinyalala usagundane ndi khoma, ndipo nkhuni zisanjidwe pa thandala. Dzala likhale patali ndipo lizikwiriridwa. Kenako munthu azungulire nyumba yonse masana, akuyang'ana pansi pa zitseko, m'ming'alu ya khoma, polowera mapaipi ndi potulukira madzi a kubafa. Mpata wolowa pensulo, wa mamilimita 6, ndi wokwanira kwa kambewa kakang'ono ndi kwa swiswiri wamng'ono. Ming'alu imatidwe ndi simenti, kapena dothi losakaniza ndi timiyala. Pansi pa chitseko pakhomedwe kachidutswa ka lata, ndipo pa mabowo a madzi paikidwe sefa ya waya. Sanza ndi mapepala sizithandiza, khoswe amaziteketa usiku umodzi.

Mkati, mbale zitsukidwe madzulo omwewo, osati kudikira mmawa. Mkute, ndiwo zotsala, usipa ndi ufa zikhale m'ziwiya zotseka bwino. Matumba a chimanga akhale pa thandala, motalikirana ndi khoma, kuti pansi pazisesedwa. Mitsuko ndi ndowa za madzi akumwa zivundikiridwe, chimodzimodzinso chitsime, chifukwa swiswiri saona bwino ndipo amagweramo. Akapezeka atafera mu ndowa, madziwo atayidwe ndipo ndowayo itsukidwe ndi klorini. Akafera m'chitsime, banja lisamwe madziwo mpaka mlangizi wa zaumoyo atabwera kudzathira mankhwala.

Amene ali kale mnyumba ndi wosavuta kumugwira, poti sadziwa kudumpha ngati khoswe. Ndowa yakuya yosalala mkati, tiusipa tiwiri pansi pake, ndi kathabwa kotsamira kunja kuti akwererepo, zikaikidwa m'mphepete mwa khoma kumene amadutsa, zimakwanira. Ndowayo ionedwe mbandakucha chifukwa swiswiri sakhalitsa ndi njala. Kenako ivundikiridwe, inyamulidwe mpaka kumunda kapena kudimba la kutali ndi nyumba, nkuipendeka. Dzanja lisalowemo.

Matuvi asasesedwe ali ouma, chifukwa fumbi lake limalowa m'mphuno ndi kugwera m'chakudya. Mawindo atsegulidwe kaye. Kapu imodzi ya Jik isakanizidwe ndi makapu 9 a madzi, awazidwe pamalopo mpaka panyowe, padikiridwe mphindi 5, kenako papukutidwe ndi pepala kapena sanza yotaya. Wopanda magolovesi avale majumbo osabooka m'manja. Mtembo nawo uwazidwe madzi omwewo, utoledwe ndi fosholo kapena jumbo, ukwiriridwe mozama pomwe galu ndi nkhumba sangafukule. Pomaliza, kusamba m'manja ndi sopo.

Tameki ndi woopsa kuposa swiswiri

Mankhwala akuda a timibulu amene amagulitsidwa m'misika opanda chizindikiro chilichonse, omwe ambiri amawatcha tameki, ndi aldicarb. Adapangidwira tizilombo ta m'nthaka m'minda ikuluikulu, osati m'khitchini, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limawaika m'gulu la poizoni woopsa koposa. Timibulu towerengeka timatha kupha mwana. Ku Malawi mankhwala ophera tizilombo amayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, ndipo ovomerezeka amabwera mu paketi yolembedwa dzina ndi kagwiritsidwe kake. Kapulasitiki komanga mfundo kalibe zimenezo.

Poizoni saima pa nyama imodzi. Khoswe wodya mankhwala akadyedwa ndi mphaka kapena kadzidzi, nawonso akhoza kufa, chonsecho ndiwo amene amachepetsa makoswe usiku ndi usiku popanda kuwagulira kanthu. Kadzidzi amaopedwa m'midzi yambiri, koma wofungatira ana amatola mbewa zingapo usiku umodzi, ndipo iye fungo la swiswiri salilabadira. Banja limene lili ndi makoswe enieni ligwiritse misampha, itcheredwe m'mphepete mwa khoma pomwe ana ndi nkhuku safika.

Mwana akadya tameki amayamba kutuluka dovu, kusanza, kutsegula m'mimba, kutuluka thukuta ndi kubanika, ndipo mwana wa diso amachepa kwambiri. Womusamalira asamusanzitse. Asamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a mchere, chifukwa zimenezi zimangotaya nthawi ndipo zikhoza kumutsamwitsa. Agonekedwe chammbali, atengedwe kupita kuchipatala nthawi yomweyo, pamodzi ndi kapulasitiki ka mankhwalawo kuti adokotala adziwe chimene akulimbana nacho.

Makolo, ngati tameki ali pa alumali kapena pansi pa bedi, muchotseni lero, ndipo mufunse mlangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi wa m'dera lanu njira yabwino yomutayira. Ndalama imene mukanagulira wina mugulire simenti yomatira ming'alu ndi chivundikiro cha ndowa ya madzi.