Lamulo Loletsa Fodya pa Koleji: Limasintha Ciani?

Inu amene mugona m'nyumba za ophunzira mudziwa bwino kuti mmodzi akayatsa ndudu, cipinda conse cimakoka naye. Mu 2008 Boma la Zambia linaika lamulo loletsa kukoka fodya m'malo a anthu onse, ndipo caka comweco linavomereza pangano la WHO locepetsa fodya. Tsono lamulo lotere likafika pa koleji, ophunzira limawacita ciani?

Woyamba kupindula ndi uja wosakoka. Utsi wa fodya uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Wodwala mphumu ndiye amaona kusintha msanga, pakuti usiku amapuma bwino. Waciwiri ndi wophunzira wa caka coyamba, amene akadayamba kukoka pofuna kufanana ndi anzake. Umboni wina ucokera ku America. Indiana University inaletsa fodya pamalo ake onse mu 2008, ndipo pakati pa 2007 ndi 2009 ophunzira okoka anacepa kucoka pa 16.5 kufika pa 12.8 mwa 100 alionse. Pa Purdue University, pamene panalibe lamulo lotero, anaonjezekako pang'ono.

Koma wozolowera kale saleka cifukwa ca cikwangwani. Cikonga ca m'fodya cimafika ku ubongo m'masekondi owerengeka, ndipo cikasowa munthu amapsa mtima msanga, amasowa tulo, maganizo osakhazikika m'kalasi. Mabvutowa amakula masiku oyamba, nayamba kucepa pakapita milungu iwiri kapena inai. Wopanda womuthandiza pa nthawi imeneyi amangosamutsa utsi wake. Amapita kuseri kwa cimbudzi, kapena, coipitsitsa, kunja kwa cipata kumene ana a pulaimale adutsa popita kusukulu. Ana amenewa ndiwo mudzakumana nawo m'kalasi pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa, ndipo nkhope saiwala. Mudzawauza ciani za fodya atakuonani kale ndudu ili pakamwa?

Zocita: Konzani phunziro la mtsutso la Giredi 7 pa mutu wakuti "Kuletsa fodya pasukulu kumathetsa kukoka." Lembani mfundo zitatu za mbali iliyonse. Pogawa magulu kumbukirani kuti ku Chipata ndi ku Lundazi kuli ana amene yunifomu ndi makope awo zimagulidwa ndi ndalama za fodya. Sankhani mau oti mwana wa mlimi alankhule momasuka, wosacita manyazi ndi munda wa atate ake.