Mbiri ya Thanzi Lanu Isatayike: Buku, Kompyuta ndi Foni

Uthenga kwa mabanja onse a m'boma la Phalombe

Dokotala amathandiza bwino wodwala amene mbiri yake ikudziwika: anadwalapo chiyani, akumwa mankhwala anji, ndi mankhwala ati amene amamuwenga, ndipo anauzidwa kubwerera liti. Mbiriyi ikasowa, kuyeza kumayambiranso pachiyambi, nthawi imatayika, ndipo munthu akhoza kupatsidwa mankhwala osamuyenera.

Ku England odwala amatsegula NHS App pafoni n'kuona zotsatira za magazi awo. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, amayi oyembekezera amalandira mauthenga a MomConnect kuyambira 2014. Kuno kwathu, banja lili ndi zida zitatu zogwira ntchito yomweyo: buku la kuchipatala, kompyuta ya kuchipatala ndi foni. Mwini wake wa mbiri ya thanzi lanu ndinu, ndipo woyamba kuisamala ndinu.

1. Buku la kuchipatala

Munthu aliyense m'nyumba, kuyambira khanda mpaka agogo, akhale ndi buku lakelake. Musabwerekane. Mwana akalembedwa m'buku la mkulu wake, anamwino angaganize kuti analandira katemera amene sanalandire.

Tengani bukuli ulendo uliwonse, kaya mukupita ku Mpasa, ku Nambazo, ku Chitekesa, ku Holy Family kapena ku chipatala chachikulu cha John Chilembwe ku Migowi. Akakutumizani kuchoka ku chipatala chaching'ono kupita ku chachikulu, zimene analemba adokotala oyamba ndi zimene zimauza achiwiri poyambira.

Buku likadzaza musalitaye. Lisokereni pamodzi ndi latsopano. Ndipo musagule buku latsopano pofuna kubisa zolembedwa m'lakale. Tsamba limene mukulichitira manyazi likhoza kukhala limene lingakupulumutseni tsiku limene mwafika kuchipatala musakutha kuyankhula.

Musanatuluke m'chipinda cha adokotala, funsani mafunso anayi awa:
- Mwandipeza ndi matenda anji?
- Mankhwalawa dzina lake n'chiyani, ndipo ndizimwa bwanji?
- Ndikaona chiyani ndibwerenso msanga?
- Tsiku lobwerera ndi liti?

Safunsa anadya phula. Zolemba za adokotala zimavuta kuwerenga ngakhale kwa ophunzira, choncho kufunsa si umbuli. Mukafika kunyumba, mwana wa sukulu alembe tsiku lobwererali pakalendala m'zilembo zazikulu.

Amayi a ana aang'ono, kumbukirani izi: Phalombe ndi limodzi mwa maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019. Mwana amalandira kanayi: ali ndi miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Katemera wachinayi amabwera patadutsa chaka ndi miyezi itatu kuchokera pa wachitatu, mwana atayamba kale kuthamanga pabwalo, ndiye n'chapafupi kumuiwala. Tsegulani buku lake lero muone ngati malo onse anayi alembedwa.

2. Kasitika ka mizeremizere ndi kompyuta

Ena mwaona pachikuto cha buku lanu kapepala komatidwa, kokhala ndi dzina lanu, nambala ndi timizere takuda. Kalaliki akakaunika ndi kamakina, mbiri yanu imatuluka pakompyuta. Njirayi inayambira ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2001 kudzera ku Baobab Health, ndipo lero imagwira ntchito m'zipatala zambiri, makamaka kumene amapereka ma ARV.

Ubwino wake ndi woti buku likatayika, zina mwa mbiri yanu zimatsalabe. Koma kompyuta imapeza munthu pogwiritsa ntchito zimene anauza kalaliki. Choncho:
- Tchulani dzina limodzi nthawi zonse, lofanana ndi la pachiphaso chanu cha unzika. Mukalembetsa lero dzina la bambo anu, mawa la amuna anu, mudzaoneka ngati anthu awiri, ndipo mbiri yanu idzagawikana.
- Tchulani tsiku lobadwa, mudzi ndi mfumu yaikulu molondola, kaya ndi Mkhumba, Nazombe, Jenala, Kaduya, Chiwalo kapena Nkhulambe.
- Musamatule kasitikako, musakanyowetse, musalembepo.
- Mukasintha nambala ya foni kapena mukasamuka, auzeni a kuchipatala.

Amene mumapita kukapha nsomba ku nyanja ya Chilwa, kukachita malonda ku Mozambique kapena kukagwira ntchito ku Joni, musanyamuke mwakachetechete. Ngati mumamwa ma ARV, mankhwala a TB, a bipi, a shuga kapena a khunyu, kauzeni adokotala za ulendowo kuti akulembereni zoyenera ndi kukuuzani za mankhwala a paulendo.

3. Foni

Chipatala Cha Pa Foni. Ntchitoyi inayambira ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, inafalikira m'dziko lonse, ndipo tsopano ili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Imbani 54747 pa Airtel. N'kwaulere, sikufuna mayunitsi kapena intaneti, ndipo ngakhale kafoni ka mabatani kamatha. Mumayankhula m'Chichewa ndi ogwira ntchito zaumoyo pa nkhani za uchembere, ana, zakudya, kulera ndi matenda ena. Poimba, khalani ndi buku pafupi kuti muthe kutchula zaka za wodwala ndi mankhwala amene akumwa. Iwo amapereka uphungu ndi kukuuzani ngati muyenera kupita kuchipatala. Foni siyeza malungo ndipo sibaya jakisoni.

Jambulani masamba ofunika. Ngati m'banjamo muli foni yojambula, jambulani chikuto cha buku, tsamba la katemera, la sikelo, ndi la mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku. Jambulani masana, poyera, ndipo onetsetsani kuti zilembo zikuwerengeka. Tumizani zithunzizo kwa wachibale mmodzi yekha wodalirika amene amakhala kutali, monga ku Blantyre kapena ku Zomba. Ngati foni yotere palibe, koperani m'kope maina a mankhwala ndi nambala ya pakasitika, n'kusunga pepalalo kwina.

Alamu. Itchereni kuti izikukumbutsani nthawi yomwera mankhwala ndi tsiku la sikelo.

Sungani nambala ya alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, ndi ya wa kabaza kapena wa njinga yamoto amene angabwere usiku.

Madzi akabwera

Ife a ku Phalombe timadziwa zimene madzi a m'phiri amachita. Akuluakulu amakumbukira napolo wa ku Michesi wa mu March 1991. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula nyumba, anadula misewu, ndipo anawononga chipatala cha Nkhulambe. Anthu ambiri anathawa ndi zovala za m'thupi zokha, mabuku ndi mankhwala zitapita ndi matope.

Mvula isanayambe, ikani mabuku a banja lonse, ziphaso ndi mankhwala m'jumbo, mangani bwino, n'kuika m'kandowa kotseka. Kapachikeni pamwamba, pafupi ndi khomo, pamene aliyense angakapeze ngakhale mumdima. Buku ndi mankhwala zikatayika, musadikire tsiku limene anakupatsani. Pitani ku chipatala chilichonse chimene mungafikeko, fotokozani, ndipo onetsani chithunzi, pepala kapena botolo la mankhwala lopanda kanthu.

Chinsinsi chanu

Matenda a munthu ndi chinsinsi chake. Ogwira ntchito kuchipatala saloledwa kuulula mbiri yanu kwa anthu osayenera. Nanunso musaike tsamba la buku la munthu pa gulu la WhatsApp kapena pa Facebook, ngakhale mukupempha thandizo. Ikani nambala yachinsinsi pafoni musanaipereke kotchajitsa. Ngati foni ndi yobwerekana ndipo simukufuna kuti uthenga wa kuchipatala uwerengedwe ndi ena, auzeni anamwino kuti mugwirizane njira ina.

Chenjerani ndi akuba. Wogwira ntchito zaumoyo weniweni sangakufunseni nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo sangakuuzeni kuti mutumize ndalama kuti akuuzeni zotsatira za magazi.

Pamene simuyenera kudikira foni

Nyamukani nthawi yomweyo, buku lili m'manja, ngati:
- mayi woyembekezera akutaya magazi, akumva mutu kwambiri, watupa nkhope, kapena mwana wasiya kugunda m'mimba;
- mwana akukomoka, akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, kapena akupuma movutikira;
- munthu akutsegula m'mimba mwa madzi okhaokha kambirimbiri. M'patseni Thanzi ORS muli panjira.

Ngati buku silikupezeka, pitanibe. Moyo ndiwo uli patsogolo.

Chitani izi sabata ino

Sonkhanitsani mabuku onse a m'nyumba. Onani amene alibe buku, amene wadumpha katemera ndi amene tsiku lake lobwerera layandikira. Jambulani kapena koperani masamba ofunika, sungani 54747 m'foni, ndipo thandizani agogo oyandikana nawo kuchita chimodzimodzi. Pamene simukumvetsa, afunseni alangizi a zaumoyo pa tsiku la sikelo.