Malangizo: Tizilombo ta m'mimba ndi khansa ya m'matumbo aakulu

Lero tikambirane za m'mimba mwathu.

M'matumbo aakulu a munthu aliyense mumakhala tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo tambiri n'tothandiza. Mukadya nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo kapena bonongwe, tizilomboti timagaya gaga ndi ulusi wa zakudyazo n'kupanga butyrate, yemwe amadyetsa khungu la m'kati mwa matumbo. Koma mtundu wina wa tizilombo totchedwa E. coli umatulutsa poizoni wotchedwa colibactin. Ameneyu amawononga DNA ya maselo, ndipo selo lowonongeka chotere likhoza kusanduka khansa.

Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2015 anasinthanitsa chakudya pakati pa anthu akuda 20 a ku Pittsburgh, ku America, ndi anthu 20 akumudzi ku KwaZulu-Natal. Aku America atadya zakumudzi, butyrate anachuluka ndipo zizindikiro za chiopsezo cha khansa zinatsika. Anzathu akumudzi atadya zamafuta ndi nyama yambiri, zinthu zinatembenuka. Zonsezi m'milungu iwiri yokha, abale!

Ndiye mgaiwa musauyese chakudya cha amphawi ayi. Soseji ndi poloni chepetsani, pakuti bungwe la WHO linalengeza mu 2015 kuti nyama zokonzedwa chotere zimayambitsa khansa imeneyi. Maantibayotiki musamangogula pamsika, amapha ndi tizilombo tabwino tomwe.

Mukaona magazi m'chimbudzi, mukamatsegula kapena kudzimbidwa kwa milungu ingapo, kapena mukamaonda popanda chifukwa, musangoti ndi kamwazi. Pitani kuchipatala akakupimeni, ngakhale muli achinyamata.